Kabokosi Kotuwa pa Fomu ya Bwato

Ndinaphunzira kulemba ndili kale ndi imvi, kusukulu yakwacha, choncho zolembedwa sindizipeputsa. Koma fomu ya pakompyuta ija ndinainyoza, ndipo ndimainyozabe.

Gulu lathu la asodzi linalamula kuti aliyense alembetse pa intaneti munthu wodzatenga bwato lake akadzamwalira. Kwathu katundu amapita kwa mwana wa mlongo wako. Ine ndinkafuna kulembetsa mwana wanga wamkazi wa ku Lungwena, amene ndinamukana akadali m'mimba, pamaso pa amalume a mayi ake.

Ndinapita kwa mayi wina wa makompyuta pafupi ndi msika wa Mangochi. Tinafika pa kabokosi kochonga kuti wolandirayo ndi mwana wako. Kanali kotuwa. Mayiyo anadina, osachongeka. Amuna awiri odikira pabenchi, oti ngakhale kuyatsa kompyuta sadziwa, anayamba uphungu. Wina akuti ndi netiweki, wina akuti ndi fumbi, adine mwamphamvu. Anzeru a pabenchi sasowa ku Mangochi.

Mayiyo anatsegula kuseri kwa fomuyo, komwe kunali zilembo zothinana ngati usipa pathandala, n'kulemba mzere umodzi wofunsa kompyuta ngati kabokosiko n'kotsekedwa. Inayankha kuti inde.

"Makina alibe vuto, abambo," anatero mayiyo. "Akutsekerani dala. Polowa m'gululi munati muli ndi ana angati?"

Ndinati ndaiwala. Anandionetsa: ziro. Ndinalemba ndekha ziroyo, chaka chomwe ndinkanyadira kugwira cholembera.

Anati kuti katseguke tisinthe nambalayo, tilembenso tsiku lobadwa la mwanayo. Ndinapempha kuti angokatsegula kuseri komweko. Anati atha kutero, koma fomuyo ikakanidwa ikafika kwa eni ake. Chinthu chopanda mimba, chosadziwa ndi fungo la nyanja lomwe, chinali kundisungira bodza langa bwino kuposa anthu.

Tsiku lobadwalo sindinkalidziwa. M'mawa mwake ndinapalasa njinga mpaka ku Lungwena. Mwana wangayo, mayi wa ana akuluakulu tsopano, ndinamupeza akuyanika chinangwa. Anandimvetsera mpaka kumapeto, osandiyalira mphasa. Kenako anafunsa ngati ndi kompyuta yandituma. Ndinavomera.

"Bwatolo apatseni a kwa mlongo wanu," anatero. "Tsiku langa lobadwa amalidziwa ndi amene analipo."

Ndinabwerera kwa mayi wa makompyuta. Ndinalembetsa mwana wa mlongo wanga, mlesi woti adzaligulitsa maliro anga asanathe.