Kanema wa M'chigafa Mwathu

Pamene ndinali ku sekondale, m'dziko muno munalibe wailesi yakanema. Tinaimva kwa amalume amene ankagwira ntchito kumigodi ya ku Zambia. Anati kumeneko kuli bokosi lagalasi, m'kati mwake mumaoneka banja lina likukangana, oonera n'kumaseka. Amalume anabwerera ku Zambia, koma nkhaniyo inatsala m'mutu mwa achemwali anga.

Kwathu ku Wimbe tinali ndi bokosi lodindira fodya, lija amathiramo masamba n'kupanikiza ndi jeke kuti atuluke belo. Achemwali anachotsa matabwa akutsogolo ndi akumbuyo, n'kuliika pathebulo m'chigafa. Munthu akagwada kuseri kwake ankaoneka kuyambira pachifuwa. Ameneyo ndiye anali kanema wathu. Ankatsegulidwa Lamulungu masana, ndipo oonera ankakhala pamabelo.

Bambo anaika lamulo limodzi: osayerekeza munthu wakunja kwa banja. Masiku amenewo nthabwala ikapita kolakwika, munthu ankakaifotokoza kwina. Choncho sewero lililonse linali la ife eni. Achemwali ankayerekeza bambo akufuna chipewa chili kumutu, kapena mayi akukalipira nkhuku ngati apongozi amwano.

Ine zonsezi ndinazipeza nditabwera kutchuthi cha Pasaka, ndili Fomu 2, nyengo yosankha fodya. Ndiyenera kuvomereza kuti chaka chimenecho ndinali wovuta. Ndinkavala nsapato ngakhale popita kuchitsime. Anzanga akamalowa m'chigafa m'mawa, masamba akadali ofewa ndi chinyezi, ine ndinkakhala pansi pa mtengo ndi buku. Achemwali, amene anandibereka kumsana ndili khanda, anasiya kunditchula iwe. Anayamba kunditi "achimwene," ndipo sunali ulemu.

Lamulungu loyamba anandikhazika kutsogolo. M'bokosi munatuluka achemwali atavala malaya anga a sukulu. Buluku mayi anawaletsa, poti lamulo la nthawiyo silinkalola mkazi kulivala, ndiponso silikanaoneka. Nsapato zanga anazikoleka m'khosi kuti zisasowe pachithunzi. Anatola tsamba la fodya ndi zala ziwiri, n'kulinunkhiza, n'kufunsa ngati ndiwo zimenezi amathira nsinjiro. Kenako anapempha madzi osamba m'manja, katatu.

Bambo anaseka mpaka kutsokomola. Mayi anabisa nkhope m'chitenje. Ine ndinatuluka osatsanzika.

Ndinaganiza zobwezera, ndipo chida ndinali nacho. Achemwali analekera Sitandade 5. Ndinali nditawapezapo kuseri kwa chigafa akuwerenga buku langa mobisa, chala chikuyenda pansi pa mawu, milomo ikugwedera pang'onopang'ono. Iwo sanandione. Ndinadziwa kuti ndikangoonetsa zimenezo m'bokosi anthu aseka. Sindinafune kuganiza za chimene chingatsale pakati pa ife awiri kusekako kukatha.

Koma sewero silingathe ndi chinthu chimodzi. Ndinafunika kudziwa mmene amakhalira, mmene amakwinyira mphuno. Choncho Lolemba m'mawa ndinalowa m'chigafa n'kukhala pafupi nawo. Anandiyang'ana kumapazi. Kuti ndisaoneke kazitape ndinayamba kusankha nawo masamba, ndipo ndinkalakwitsa. Iwo ankachotsa tsamba pamulu wanga n'kuliponya pomwe liyenera, osayang'ana n'komwe. Tsiku lachiwiri anayamba kundiuza chifukwa: ili ndi lapansi, lamchenga, ili lapakati, lalitali ndi lofewa, ili lakunsonga, lalifupi koma louma mutu. Ankayesa tsamba ndi kuseri kwa dzanja monga mayi amayesera mwana wotentha thupi. Pofika Lachinayi nsapato ndinali nditazisiya kunyumba, chifukwa zinkandilepheretsa kukhala bwino pamphasa.

Lamulungu ndinapempha kulowa m'bokosi. Achemwali anakhala kutsogolo atapinda manja. Ndinamanga mpango wawo kumutu, ndipo anthu anayamba kuseka ndisanalankhule. Kenako ndinatulutsa buku.

Nkhope ya achemwali inasintha. Anayang'ana bukulo, kenako ine, kenako pansi. Palibe wina anaona. Ndinali nditatsegula kale tsamba loyamba, chala chili chokonzeka.

Ndinalitseka, n'kuyamba kudzikupizira nalo mphepo ngati munthu wotopa. Pambali panga panali mulu wa fodya. Ndinatola tsamba, n'kuliyesa ndi kuseri kwa dzanja, n'kukwinya mphuno. Ndinalengeza, m'mawu a achemwali, kuti lero tisankha anyamata amene amaima pakhomo pano kupempha madzi akumwa, chonsecho kwawo zitsime zilipo. Sindinatchule dzina, poopa lamulo la bambo. Wa njinga yopanda belu ndinamuponya kwa amchenga. Wopesa mzere kumutu ndinati ndi wakunsonga, wamfupi ndi wouma mutu. Wachitatu, uja amabwera Loweruka lililonse, ndinamuyesa nthawi yaitali, n'kuyang'ana uku ndi uku, n'kumubisa m'malaya.

Amene anaseka kwambiri anali achemwali. Anandigenda ndi chitsononkho, misozi ili m'maso. Mayi anafunsa kuti wa Lowerukayo ndani, ndipo bambo anati iwo anamudziwa kalekale.

Anthu atabalalika, tinatsala awiri, ine ndi achemwali, tikubwezera matabwa a bokosi. Anandigwira dzanja n'kulitembenuza. Zala zinali zitada ndi utomoni wa fodya.

"Iwe, wandiwonongera sewero," anatero. "Munthu wa nsapato uja ndikamupeza kuti?"

Ndinayankha kuti akhoza kubwera nthawi zina, sanasamuke kwenikweni.

Anatola buku lija pathebulo, n'kulipukuta fumbi ndi chitenje. Anafunsa ngati ndinawaonapo akuwerenga kuseri kwa chigafa, ndipo ndinavomera. Kenako anatsegula pamene anapinda ngodya ya pepala.

"Ndiye undiuze mawu awa. Andivuta sabata yonse."

Tinakhala pabelo mpaka mayi anatiitana. Tchuthi chonsecho m'mawa iwo ankandiphunzitsa, masana ine ndinkawaphunzitsa. Wa Loweruka uja ndi alamu anga tsopano, ndipo mpaka lero achemwali akafuna kuwaputa amawakumbutsa kuti anasankhidwa m'bokosi la fodya.