Mtanda wa Asekuru, Mpeni wa Che Saidi

Mpaka lero ndikamva fungo la simbi ya makala ikudutsa pa jekete lowazidwa madzi, ndimaona asekuru anga, aphunzitsi a Munthali, ataima pakhonde la nyumba yathu ku Bolero, akuuzira makalawo mpaka phulusa kuwayeretsa nsidze, kwinaku akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi imene sankaimaliza. Asekuru ndi mmene timatchulira agogo aamuna kumeneko. Sankalola munthu kuwasitira zovala, ati ana a masiku ano timasita ngati tikuthamangitsa nkhuku. Mphepo ikachokera kuzigafa inkabwera ndi fungo la fodya wouma, ndipo kuseri kwa mpanda wa udzu kunkamveka makina osokera a Che Saidi, telala wochokera ku Nkhotakota, amene ankayamba kulira m'mawa ife tisanamwe tiyi.

Ine ndinabadwira ku Dowa, kwawo kwa bambo anga. Ku Bolero ndinapita ndili wamng'ono, banja la amayi litatha. Tisanazolowere n'komwe, lole imene inanyamula anthu kuchokera ku Rumphi boma inagubuduzika pa kona ina kufupi ndi kwathu, ndipo anthu ambiri anafera pomwepo. Amayi anga anali m'gulu limenelo. Munalinso Yusufu, mwana wa Che Saidi, amene anapita kukagula nsalu za bambo ake. Amayi tinawaika kumanda a mpingo. Yusufu ananyamulidwa kupita kwawo ku Nkhotakota, kutali kumene makolo ake sankatha kupitako kawirikawiri.

Asekuru anali hedimasitala wopuma ntchito komanso mkulu wa mpingo. Anaphunzira ku mishoni ya ku Khondowe, ndipo ukacheza nawo pang'ono chabe unkadziwa zimenezo, ufune usafune. Kuuma mutu ndiye osanena. Pamaliro a mwana wawo sanagwetse msozi, m'malo mwake anadzudzula akwaya kuti akukoka nyimbo. Komabe munthu yemweyu ankakhala madzulo onse pansi pa mtengo wa mango ndi Che Saidi, akusewera bawo ndi kutsutsana za Mulungu mpaka mawu kusasa, mawa lake n'kuyambiranso pamene analekezera.

Kwathuko panali chizolowezi chimene palibe ankachifunsa chiyambi chake. Mbuzi kapena nkhuku ya pa ukwati, pa maliro, ngakhale ya alendo a mpingo, ankazinga ndi Msilamu, kuti aliyense wofika adye mosakayika. Ndiye wozinga wathu anali Che Saidi. Asekuru ankangotembenukira kumpanda n'kukuwa m'Chitumbuka kuti abwere ndi mpeni, "Che Saidi! Zaninge na chimayi!" Makina ankaima, Che Saidi n'kutulukira ndi mpeni wawo wokulunga m'kansalu. Akamaliza ankapatsidwa khosi la nyamayo, ndipo asekuru ankawaseka kuti banja lonse la Saidi lakulira makosi.

Chisoni chitayamba kuphwa, anthu anagwirizana zomanga chipilala cha chikumbutso pamalo a ngoziyo, cholembedwa maina a onse amene anafa. Malowo anali a m'mbali mwa msewu, simenti inachokera ku khonsolo, ndipo wapampando wa komiti, mwadziwa kale, anali asekuru. Osauza munthu, anapita kwa owotcherera n'kukapangitsa mtanda wachitsulo woti ukakhale pamwamba. Anauimika kuseri kwa chitseko cha pabalaza. Tsiku limenelo anandiitana, nandigwira paphewa, chinthu chimene sankachita.

"Iwe Tiyamike, mtanda uwu ngwa amayi ako. Aliyense wodutsa pamsewu azidziwa kuti apa panagona mwana wa Mulungu."

Ndinaukonda mtanda umenewo kuposa chilichonse m'nyumbamo. Ndinkaupukuta ndi kansanza m'mawa uliwonse, ndipo pakakhala palibe wondiona ndinkauuza za kusukulu.

Nkhani inavuta pa msonkhano wa mabanja oferedwa, umene unachitikira m'kalasi ya sukulu ya pulaimale. Ine ndinakhala pansi pamodzi ndi azimayi. Ku khonsolo kunabwera bambo wachinyamata wovala tayi, amene anayamba bwinobwino, koma atafika pa nkhani ya mtanda anayamba kupukuta thukuta.

"Akuluakulu, malo aja ndi a boma, ndipo boma ndi la aliyense. Chipilala cha boma sichiyenera kukhala ndi chizindikiro cha chipembedzo chimodzi."

Asekuru anaimirira pang'onopang'ono, namanga batani la jekete. Aliyense amene anaphunzitsidwa nawo ankadziwa kuti batani likamangidwa, wina alira.

"Mwana wanga, iwe kuwerengako unaphunzira kwa ndani? Sukulu zoyamba kuno anamanga ndani? Chipatala cha ku Khondowe, msewu wokwera phiri lija, ndi boma? Nanga inu ku khonsolo kwanuko, misonkhano simuyamba ndi pemphero? Mulungu mumamufuna potsegulira msonkhano, koma pamene pafera ana athu ayi?"

Anthu anaomba m'manja, azimayi ena analuluta. Bambo uja anasanthula mapepala ake, kenako ananena motsitsa mawu kuti ngati mabanja onse amene maina awo alembedwe avomereza, iye alibe mawu. Apo m'pamene Che Saidi, amene anakhala kumbuyo pafupi ndi zenera, anakweza mkono ngati mwana wa sukulu.

"Aphunzitsi, ine mtanda wanu sindidana nawo. Takhala limodzi zaka zonsezi, mukundidziwa. Koma Yusufu sanakhale pansi pa mtanda ali moyo. Ndikamuika pansi pake lero, ndikayankha chiyani kwa mayi ake? Ndikayankha chiyani kwa Mulungu?"

"Ndiye mwana mmodzi achotsetse mtanda wa anthu onsewa?"

"Ayi. Ikani mtanda wanu. Koma dzina la mwana wanga mulisiye."

Ndinaona abusa akuyang'ana pansi. Ndinayembekezera kuti asekuru aseka monga ankachitira pa bawo, n'kunena kuti tikambirana kunyumba. Koma anangoti, "Mwanena nokha, si ine." Anakhala pansi, ndipo bambo wa ku khonsolo analemba kuti mabanja onse avomereza.

Kuyambira pamenepo mpanda wa udzu uja unasanduka khoma. Bawo inachita fumbi pakhonde. Abiti Juma, akazi a Che Saidi, amene ankanditchingira panjira n'kundipatsira chitumbuwa chotentha, tsopano ankangondiyankha moni maso ali kwina. Makina okha ndi amene sanasinthe, ndipo asekuru akawamva ankakweza wailesi. Ine, kunena zoona, sindinkawamvera chisoni a Saidi. Ndinkaona ngati ankafuna kulanda amayi anga chinthu chawo.

Tsiku lovundukula chipilala pakhomo pathu panadzaza kusanatenthe. Amayi a mpingo anali atayala mafuwa kuseri, utsi wa nkhuni zosauma bwino ukulowa m'maso, ena akupeta mpunga, ena akukangana za mapoto, ana akuthamangitsana pakati pa mitolo ya nkhuni. Mbuzi ziwiri zinali zomangirira pa mtengo wa mango. Asekuru anali pakhonde ndi simbi yawo, akusita jekete kwinaku akubwereza pamtima mawu oti akalankhule. Mayi wina anakuwa kuchokera kumoto kuti dzuwa likukwera ndipo mbuzi zikadali zamoyo, kodi alendo a ku boma akadya chiyani.

Asekuru sanaganize n'komwe. Anatembenukira kumpanda, simbi ili m'manja.

"Che Saidi! Zaninge na chimayi!"

Mawuwo atangotuluka, ndinaona nkhope yawo ikugwa. Lichero linaima m'manja mwa wopeta. Kuseri kwa mpanda makina analira pang'ono, kenako anasiya. Ine ndinkadziwa kuti chimene chituluke kumpanda kuja, kaya ndi mwano kaya ndi kulira kwa Abiti Juma, anthu onsewa achimva.

Kunatuluka Che Saidi, atavala kofia yoyera, mpeni uli m'kansalu kake.

"Mwadzuka bwanji, aphunzitsi?"

Che Saidi sanadikire yankho. Anapinda manja a malaya, anauza anyamata kuti agwire miyendo, anatembenuzira mbuzi kumpoto monga ankachitira nthawi zonse, nanong'ona pemphero lawo. Anazinga yoyamba, anazinganso yachiwiri. Anapempha madzi, natsuka mpeni mosafulumira. Mayi wina anawabweretsera makosi m'mbale.

"Lero ayi, amayi. Kunyumba kulibe amene angaimeze nyama imeneyi."

"Che Saidi," asekuru anatero, "pakamwa panangozolowera. Sindinafune..."

"Palibe cholakwa, aphunzitsi. Mwaitana alendo amitundumitundu. Adye onse, pasapezeke wokhala pambali."

Anakulunga mpeni nabwerera kwawo. Pakhonde panayamba kununkha nsalu yopserera, chifukwa asekuru anali ataiwala simbi pa jekete. Analivala choncho, ndi chipsera chake pamsana.

Kumsewu kunali khamu. Chipilala chinali chokutidwa ndi nsalu yoyera, mikono ya mtanda ikuonekera mkati mwake. Akwaya anaimba, abusa anapemphera, bambo wa ku khonsolo analankhula zake. Kenako anaitana wapampando kuti avundukule. Asekuru anagwira nsonga ya nsalu, naima nayo nthawi yaitali mpaka anthu anayamba kutsokomola.

"Nsalu iyi sichoka lero," anatero.

Phokoso linabuka. Iwo anakweza mawu a uhedimasitala aja.

"Nyama imene mudye masana ano wazinga ndi munthu amene mwana wake ndamusiya kunja. Wazinga kuti inu nonse mudye. Ine sindingathe kumeza."

Mkulu wa mpingo mnzawo, bambo wamtali amene nayenso anataya mkazi pangoziyo, anaimirira. "A Munthali, mukuchita manyazi ndi mtanda wa Ambuye pamaso pa anthu? Munatiuza chiyani m'kalasi muja?"

"Ndinanena, ndipo sindikukana. Ndinaubweretsa ndine, ndiuchotsanso ndine."

Anatuma munthu kukabwereka sowo yodulira zitsulo kwa owotcherera. Anakwera pa benchi, nkhalamba ya miyendo yowuma, anapinda nsalu kumtunda kokha, nayamba kucheka. Kulira kwa sowo ija sindidzakuiwala. Inkatsetsereka, inkakodwa, iwo n'kuyambiranso, thukuta likutsika m'khosi. Palibe anawathandiza ndipo palibe anawagwira. Mabanja ena ananyamuka akutukwana, azimayi ena anayamba kulira ngati maliro ayambiranso. Ine ndinadzipeza ndili patsinde pa benchi, ndikukoka mwendo wa thalauza lawo.

"Asekuru, ngwa amayi! Munanena nokha kuti ngwa amayi!"

Sanandiyang'ane. Anangopitiriza kucheka mpaka mtanda unapendekeka n'kugwera m'manja mwawo.

Madzulo a tsiku lomwelo anaunyamula paphewa kupita nawo kumanda a mpingo, ine ndikuwatsatira patali, nditatupa ndi mkwiyo. Anauzika kumutu kwa manda a amayi, nautsendera ndi miyala. Kenako anakhala pansi pa dothi, ndi thalauza la Lamulungu lomwelo, nalira kulira kumene sanalire pamaliro. Atandiona anati, "Mwana wane, mmodzi ndinayenera kumulakwira, iwe kapena a Saidi. Iwe uli ndi manda oti uzibwerapo." Ndinakhala nthawi yaitali ndisakuwayankhula bwino.

Zinawadyera zambiri. Akulu a mpingo anawaimitsa kaye pa udindo, ndipo munthu amene ankakhala kutsogolo moyang'ana mpingo anayamba kukhala pa benchi yakumbuyo ndi anyamata ochedwa. Mkulu wamtali uja sanawapatsenso moni mpaka imfa. Dzina la Yusufu analisema pambuyo pake, pansi penipeni, ndi zilembo zazing'ono chifukwa malo anali atatha. Chipilalacho sichinachitiridwenso mwambo, nsalu inangochotsedwa. Che Saidi sanabwere kudzathokoza. Anapita okha kumsewu m'mawa wina, ndipo tsiku lonselo makina sanalire. Moni unabwerera, bawo inabwerera, koma za Mulungu sanatsutsanenso, ndipo ndikudziwa kuti asekuru ankazisowa.

Onse awiri anapita kalekale. Ine ndine mayi tsopano, ndimapemphera mpingo womwewo, ndipo anzanga ena ndikawafotokozera nkhaniyi amati asekuru anagonja pamene sanayenera kugonja. Sinditsutsana nawo kwambiri, chifukwa kamtsikana kamene kankakoka thalauza kaja sikanathe mwa ine. Ndikafika ku Bolero n'kuona kachitsulo kadzimbiri kotsalira pamwamba pa chipilala, mtima umandiwawabe. Ndimawerenga dzina la amayi nditaimirira. La Yusufu silioneka ukaima, chifukwa udzu wa m'mbali mwa msewu umalibisa chaka chilichonse. Ndiye ndimagwada, n'kuuzula ndi manja.