Chimango cha mapulani chakana kutseguka

A Zuze, lero ndimafuna kutsegula chimango cha pakompyuta chija munandijambulira, chomwe tinkayambira mapulani onse a ngalande za m'minda ya nzimbe. Pulogalamu ya masiku ano yachikana. Misozi yangoyamba kutsika.

Paja kompyuta yanu inali ndi pulogalamu yatsopano, yanga yakale, ndiye disiki yanu sinkawerengeka kwanga. Bwana anati ndikachedwetsanso ntchito andichotsa. Inu munasiya nkhomaliro, thukuta lili kamukamu, n'kujambulanso chimangocho pa makina anga. "Shamwali, ntchito siikuthera, ana ako adya," munatero. Mwezi usanathe anthu achilendo anakutengani pageti la kuntchito, ati munanyoza chipani. Mayi anu ku Ndamera anamwalira akufunsabe za inu. Ngakhale manda oti ndikagwadepo palibe.