Khasu la Bambo Linafika ku Matero

Dzulo mdzukulu wanga anandibweretsera mpini wothyoka kuti ndisonkhere moto. Nditangougwira, ndinakumbukira khasu limene ndinanyamula masiku atatu ndili kamtsikana.

Bambo anali mkamwini kwathu ku Pembamoyo. Anapita kukagwira ntchito ku Lusaka, ndipo dzinja linadutsa katatu popanda ngakhale kalata. Amalume anati, "Mlongo wanga, dikira. Mkazi sayenda ulendo wotere." Amayi anangotenga khasu la bambo pakhonde n'kundipatsa ine.

Tinakwera lole ya mtedza mpaka ku Fort Jameson, kenako tinakwera basi. Fumbi linkalowa m'mano, mpini ukundigunda m'mawondo. Kondakitala anafuna kuponya khasulo pamwamba pa basi, koma amayi anamuyang'anitsitsa mpaka anachoka yekha.

Ku Matero, komboni ya ku Lusaka, nyumba zinali ndondondo ngati mizere ya m'munda, anthu piringupiringu, utsi wa makala ponseponse. Bambo tinawapeza atakhala pakhomo, mayi wina akuwasambitsa m'manja. Azimayi apampopi anasiya ndowa zikusefukira.

"Mwafika bwanji kuno?" anafunsa bambo.

Amayi sanagwade. Analanda khasu m'manja mwanga n'kuliimika patsogolo pa bambo.

"Munda ndi wathu, mwanayu ndi wathu. Chanu chimene chinatsala kwathu ndi ichi. Tisadzamve kuti tinakuberani."

Kenako anandigwira dzanja. "Tiye, mvula ili pafupi."

Bambo anandiitana kawiri. Ndinayang'ana amayi. Iwo sanacheuke, nanenso sindinacheuke.