Tambula ya Dona

Mpaka lero ndikamva fungo la mafuta a nsatsi ndimaona miyendo ya ababa. Amayi ankatenthetsa mafutawo m'phale n'kumawasisita akatumba madzulo pakhonde, uku akudandaula kuti anakwatiwa ndi munthu wosadziwa kuyenda ngati anzake. Kwathu kunali kufupi ndi Nkaya, kumene njanji inkadutsa pakati pa milambe ndi minda ya thonje. Chaka chimene ndikunenachi chilimwe chinabwera ndi ukali. Nyenje zinkalira kuyambira m'mawa, tchire lonse linali lupsa lokhalokha, ndipo mchenga wa m'njira unkatiwotcha mapazi moti ana tinkayenda chodumpha kufunafuna mthunzi.

Ababa dzina lawo linali Che Twaibu, koma dera lonse linkawadziwa ndi lakuti Kamvuluvulu. Ntchito yawo inali yonyamula thumba la makalata kuchokera pasiteshoni kukasiya kumishoni ndi kumaesiteti akutali. Anzawo ankagona panjira, koma iwo ankathamanga nalo thumbalo n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Pa masewera amene azungu ankachititsa ku Balaka chaka ndi chaka, panalibe amene anawapitirirapo pa liwiro la mtunda wautali. Asodzi a kunyanja ya Chiuta ankabwera ndi nsomba zouma n'kumafunsa nyumba yathu kuti angowaona. Ine Asiyatu, mwana wawo woyamba, ndinkayenda monyang'wa kuchitsime ngati miyendoyo inali yanga.

Vuto la chaka chimenecho linali lakuti masewerawo anagwera m'mwezi wa Ramadhani. Akuluakulu onse ankamanga, osadya kapena kumwa kanthu kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, ndipo ngakhale malovu ankalavula. Ana tinkamanga mpaka masana okha, komabe pakhosi pankauma gwa. Kunamvekanso kuti kukubwera asilikali a ku Zomba, ndipo pakati pawo pali mnyamata wamiyendo itali-itali amene analumbira kuti Kamvuluvulu amusiya m'fumbi.

Ashehe a mumzikiti wathu anabwera kunyumba kudzawaletsa. "Che Twaibu, dzuwa ili si lamasewera," anatero. "Mukathamanga mumwa madzi, ndipo mumwera pamaso pa anthu onse. Manyaziwo adzakhala a tonsefe."

"Iyayi, ashehe," ababa anayankha akuyang'ana pansi. "Kuthamanga ndithamanga, koma kumwa sindimwa."

Ashehe atachoka, amayi anawakalipira ababa mpaka nkhuku zinathawa pabwalo. Pa tsiku la masewera anawapatsa daku, chakudya cha m'bandakucha chija, ndipo anawaumiriza madzi chikho ndi chikho mpaka ababa anaseka n'kunena kuti mimba si mtsuko.

Ku Balaka tinapeza bwalo litadzaza. Fumbi, thukuta, utsi wa sitima ndi fungo la mango oyamba kupsa zinasakanikirana mumpweya wotentha. Azungu anakhala pansi pa chisakasa, ife padzuwa. Othamanga anawauza kuti atsate msewu mpaka pamlambe waukulu wakutali, auzungulire, n'kubwerera. Wezulo italira anangoti zii m'fumbi, ndipo tinatsala tikuyang'ana msewu wopanda munthu. Amayi anandigwira dzanja molimba mpaka linachita dzanzi.

Patapita nthawi kunatulukira anthu awiri, msilikali uja patsogolo, ababa pambuyo pake. M'mbali mwa msewu munali anthu okhala ndi zikho za madzi. Msilikali anatsomphola chimodzi, kumwako, otsalawo n'kudzithira kumutu. Ababa anadutsa osachiyang'ana n'komwe. Milomo yawo inali itayera mbuu. Atafika pakhomo la bwalo anaweramitsa mutu monga ankachitira akamakwera chitunda ndi thumba lawo, ndipo mapazi awo anayamba kugunda pansi mofulumira. Anamupitirira mnyamatayo anthu akukuwa, amayi akululutira, ine ndikulira osadziwa chimene ndikulirira.

Ndinkaganiza kuti zatha, koma ayi. Mkazi wa bwana wamkulu wa kuntchito kwa ababa, amene tonse tinkangoti Dona, anatsika pachisakasa atanyamula tambula yagalasi. Munali madzi a mandimu, ndipo pamwamba pake pankayandama timiyala ta madzi oundana, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Anawapatsa ababa akumwetulira, chifukwa kwa iye umenewu unali ulemu waukulu. Bwalo lonse linawayang'ana ababa. Kwathu mphatso ya wamkulu sakana, nanjinanji ya mkazi wa amene akukulemba ntchito. Koma dzuwa linali lidakali m'mwamba, ndipo ashehe anali ataima chapafupi, manja ali kumbuyo.

Ababa anagwada n'kuilandira tambulayo ndi manja awiri. "Sikomo kwejinji," anathokoza m'Chiyao, mawu akutuluka mokhakhala.

"Imwanitu, Dona akudikira tambula yawo!" anawanong'oneza kalaliki womasulira. "Mukufuna ntchito ikuthereni?"

"Auzeni kuti ndalandira ndi mtima wonse," ababa anatero. "Kumwa ndimwa dzuwa likalowa. Tambula yawo ndibweza ndekha."

Kalaliki anamasulira. Nkhope ya Dona inafiira, anayang'ana mwamuna wake, kenaka anabwerera pampando. Ababa anapita pansi pa mtengo wa mango kumapeto kwa bwalo, nakhala pansi, tambula ili m'manja.

Ndinakhala pambali pawo. Kunja kwa galasi kunkatsika timadontho tozizira n'kumanyowetsa zala zawo. Timiyala tija tinkacheperachepera mpaka tinatha. Fungo la mandimu linkandifika ngakhale ine, ndiye kuli bwanji iwo amene linali pansi pa mphuno zawo? Chifuwa chawo chinkakwera ndi kutsika. Ntchentche zitayamba kuvuta anathyola tsamba n'kuvundikira. Masewera ena ankapitirira, koma anthu anayamba kusiya kuonera n'kumabwera kudzakhala mozungulira mtengowo, Asilamu ndi Akhristu omwe. Msilikali uja nayenso anabwera motsimphina, nakhala pansi, n'kumawakupiza ababa ndi chipewa chake.

Dzuwa linatsika pang'onopang'ono ngati likuchitira dala. Litangobisala kuseri kwa milambe, ashehe, omwe aja ankawaletsa, anaima pabwalo pomwepo n'kuitana pemphero la magharibi. Ababa anachotsa tsamba, nati "Bismillah," n'kumwa. Madziwo anali atafunda kale. Anamwa theka, otsalawo anapatsa msilikali. Kenaka anatsuka tambulayo, kuipukuta ndi malaya awo, n'kupita nayo kuchisakasa. Azungu ena onse anali atapita, koma Dona anali adakali pampando wake. Anaimirira n'kuilandira ndi manja awiri, mwa chikhalidwe chathu.

Ntchito sinawathere. Anathamangabe ndi thumba lawo zaka zingapo, mpaka makalata anayamba kuyenda panjinga ndipo mawondo awo anayamba kukana. Anamalizira moyo wawo akulima thonje, ndipo achinyamata a masiku ano sadziwa n'komwe kuti kunali Kamvuluvulu.

Ndili mwana ndinkafotokozera anzanga za pakhomo la bwalo paja, mmene ababa anamupitirira msilikali, ndipo za pansi pa mtengo ndinkazidumpha poona kuti munthu wongokhala pansi alibe nkhani. Ndakalamba tsopano, ndipo ndamanga miyezi yambiri ya m'chilimwe, ndikudziwa chimene ludzu limachita ndi munthu. Anthu othamanga kuposa ababa ndawaona. Koma wogwira madzi ozizira m'manja, pakhosi pakuyaka, osakhumudwitsa wopereka komanso osanyoza Mulungu wake, ndinamuona mmodzi yekha, ndipo ndine mwana wake.