Maziro a kumudzi kwa apongozi

Apongozi anga, mayi Dolika a ku Chiparamba, sukulu anailekeza Sitandade 2, koma pa za dimba panalibe wowaposa. Amuna awo atamwalira, analera ana asanu ndi repu ndi tomato wa m'dimba lomwelo, mmodzi wa anawo ndi Martha amene ndinamukwatira, mayi wa mwana wathu Tamiwe. Chimene chinkandiseketsa ine, mwana wa mphunzitsi wa kumishoni, n'chakuti sankazula chomera asanachidziwe. Chikamera chachilendo pakati pa masamba ankachisiya kaye, mwinanso kuitana mnzawo adzachione. Kadimba kanga ka ku Kapata, m'tauni ya Chipata, kanali ka mizere yowongola ndi chingwe, ndipo ndinkanyada nako ngakhale kabichi wake ankangothera masamba.

Mu 1992, chaka cha chilala, bungwe limene ndinkagwirako ukalaliki ku Chipata linagula kompyuta. Ananditumiza kukaiphunzira masabata awiri, ndipo ndinabwerako ndikuyenda ngati dokotala. Ntchito yanga inali kulowetsa manambala a zokolola za khomo lililonse, makinawo n'kusonyeza midzi yoyenera kulandira chimanga cha thandizo. Amene ankatiphunzitsa ankati manambala ali ngati munda: yamba wapalira, chotsa zolakwika, ukatero ukolole. Mawuwo anandikomera kwabasi. Kupalira ndiye ndinkati ndimakudziwa.

Mapepala a mudzi wa apongozi atafika, ndinapeza makomo khumi ndi asanu ndi anayi atalembedwa ziro, ziro, ziro. Maina panalibe, manambala a makomo okha. Ndinapukusa mutu. Ndinati wolembayo anangokhala pansi pa mtengo n'kudzaza mapepala osafika n'kumudzi komwe, ulesi basi. Ndinafufuta mizere yonseyo, mtima uli mbee. Anatsala makomo atatu a kudambo amene anapezako timatumba, ndipo makina anati mudziwo uli bwino. Malole a chimanga anaudutsa.

Patapita milungu itatu ine ndi Martha tinapita kukaona apongozi. Chitsime cha kudimba chinali chitaphwa. Apongozi anali ataonda, akuphikira adzukulu mango osapsa.

"Midzi yonse yalandira, ife atilumpha," anauza mwana wawo. "Kaya tinamulakwira ndani kutauniko."

Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire. Mmawa mwake ndinakaulula kwa abwana, tinabwezeretsa maziro onse, koma chimanga chinafika kumudziko patadutsa milungu ina isanu. Makomo ena anali atagulitsa kale mbuzi ndi makasu omwe.

Martha anati ndingokhala chete, poti apongozi sangadziwe. Sindinathe. Ndinapitanso ndekha, ndinanjuta chapatali monga achitira mkamwini, n'kufotokoza zonse, mpaka za kupalira zija. Anamvetsera akusenda mtedza wa mbewu umene anaubisa chaka chonse cha njala osaudya. Sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa.

"Ndiye munaona kuti tilibe kanthu, n'kutichotsa?"

"Ndimayesa kuti alakwitsa polemba, amayi."

Anapitiriza kusenda mtedza, maso ali pa lichero.

"Mukanabwera kudzatifunsa, bambo a Tamiwe. Njinga muli nayo."