Chitambala cha m'ming'alu ya miyala

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 4, pasukulu ina kufupi ndi Mphunzi. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, pamene aphunzitsi a zaulimi anatituma kuti aliyense abwere ndi chomera chamoyo.

Anzanga anangozula mbande za kabichi kudimba. Ine ndinakwera phiri la kuseri kwa nyumba yathu, kumene pansi pa misuku, m'ming'alu ya miyala, mumamera kachomera kamene kwathu timati chitambala. Masamba ake ali ngati nthenga, ndipo sikachita maluwa. M'chilimwe kamafota n'kupindana, kofiirira ngati fodya wouma, koma mayi anga anandionetsapo kuti kamafa mwabodza: kakangolawa madzi, m'mawa mwake katambasuka. Ndinakazula bwinobwino ndi dothi lake lakuda, ndili ndi chimwemwe chodzaza tsaya.

Nditafika nako kusukulu, aphunzitsi anakanyamula ndi zala ziwiri.

"Ndinati chamoyo. Zinyalala izi n'zachiyani?"

"N'chamoyo, aphunzitsi. Chithirireni madzi, mawa chidzuka."

"Iwe ndiye wayamba kuphunzitsa ine?"

Kalasi yonse inafa ndi phwete. Aphunzitsi anandikwapula zikoti zisanu m'manja, nanditcha wabodza, kenako anandituma kuti ndikataye ndekha kudzala kumene ankatentha zinyalala. Pakhomo pa kalasi panali ndowa yodzaza madzi. Kapu imodzi yokha ikanathetsa mlandu, koma iwo sanafune.

Kuyambira tsiku limenelo dzina langa linasanduka Chidzuka. Mvula yoyamba itagwa, ming'alu yonse inabiriwira. Ndinathyola tsamba la chitambala n'kuthamanga nalo kusukulu, koma aphunzitsi aja anangoliyang'ana pang'ono n'kunena kuti chimenecho n'chomera china. Ndinasiya kukweza dzanja m'kalasi mpaka ndinamaliza pulayimale. Ngakhale yankho ndikulidziwa, ndinkangoti chete.

Anthu amati mwana salakwira mkulu pomuuza zoona, koma kwathu zoona za mwana zinkatchedwa mwano. Zikotizo ndinaziiwala kalekale, mkwiyo wokha ndi umene sunathe. Kwa zaka zambiri aphunzitsiwo ndinkawakhululukira mumtima poganiza kuti sankadziwa. Ndinamva nditakula kuti aphunzitsi aja anabadwira kuseri kwa phiri lomwelo, ndipo ali mwana ankadyetsa mbuzi m'miyala yomweyo. Chitambala ankachidziwa bwino lomwe. Chimene sanafune n'chakuti mwana wopanda nsapato apezeke wolondola pamaso pa anzake, ndipo chimenecho sindinawakhululukire mpaka lero.